Njinga Yamoto Si Bwato

Tsiku limene tinaika maliro a Bakari, njinga yamoto ya Zaidi, mkulu wake, inali itaima pansi pa mtengo wa mango, ikung'anima ngati mbale yatsopano. Anthu pobwerera kumanda ankaidutsa osaiyang'ana.

Bakari anali mwamuna wamphamvu, wongokwatira kumene. Njoka inamuluma m'munda wa mpunga Lachisanu lina m'mawa, m'chaka cha 1957. Kuchokera kwathu kufupi ndi Benga kukafika kuchipatala ku Kota Kota, njinga yamoto siitha maola awiri. Zaidi anaponda n'kuponda kuti ailize, thukuta lili kamukamu, koma injini inangoti zii. Mapeto ake anamunyamula pamachila, ndipo anatsirizika asanafike ku Chia.

Ine ndine Habibu Yakubu. Ndinachoka kuno ndi kabudula mmodzi, ndinabwerako ndi bokosi la masipanala loti amuna awiri amanyamula akubuula. Ndakonzapo malole ku Halale, mapampu a mumgodi ku Joni, ngakhale injini za padoko ku Beira. Kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Salima palibe fundi, mmisiri wa makina, wondiposa, wotsutsa abwere ndi injini yake. Koma tsiku limene njoka inaluma Bakari ndinali ku Salima kukakonza chigayo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Patapita sabata, Mwajuma, mkazi wa Zaidi, anabwera kwathu nakhala pansi pakhonde, maso ali pansi.

"A Fundi, mukuona mmene ndilili. Kwatsala miyezi iwiri. Mwana woyamba uja sanalire, nanenso ndinatsala pang'ono kupita. Kuchipatala anati nthawi ikangokwana ndithamangire komweko, azamba a kumudzi sangaithe."

"Nanga amuna anu akuti chiyani?"

"Akuti njinga anawalodzera anzawo ansanje a kumsika. Akufuna kuikankhira kwa sing'anga. Ine sindikufuna machila aja, a Fundi."

Ufiti wake ndinkaudziwa. Zaidi ndi mwana wa msodzi, ndipo njingayo anaigula ndi malonda a usipa. Lachisanu lililonse m'mawa ankaikankhira m'nyanja mpaka madzi kufika pakati pa mateyala, n'kumaikwecha ndi mchenga ngati poto, kuti ikawale pamzikiti. Ndinamuletsapo kamodzi, iye anangoseka. "Bwato la bambo anga lakhala m'madzi zaka khumi. Likakhala padzuwa ndi pamene limang'aluka. Ndiye chitsulo chiope madzi?" Ndinamusiya. Kumeneko ndinalakwa, ndinayenera kumuuza kakhumi.

Mawa lake ndinanyamula masipanala. Ndinamupeza Zaidi atakhala pambali pa njingayo, atawonda ndi maliro.

"Achimwene, ndamva kuti mukufuna sing'anga. Ndabwera ndine."

"Musandiseke, a Fundi. Ine ndili pachisoni."

"Sindikuseka. Tambasulani dzanja."

Ndinamasula chivundikiro cha magineto, kachipangizo kamene kamapereka moto ku pulagi. Madzi ofiira ndi dzimbiri anadonthera m'dzanja mwake.

"Mfiti yanu ndi imeneyo. Moto ndi madzi sizikhalira pamodzi. Munaitsuka liti komaliza?"

"M'mawa womwewo," anatero Zaidi motsitsa mawu. "Ndinali ndisanavale n'komwe malaya pamene anabwera kudzandiuza za njoka." Anayang'ana madzi aja. "Ndiye kuti mng'ono wanga ndamupha ndine."

"Inamupha ndi njoka. Koma sindikunamizani, njinga ikanalira mwina bwenzi lero akupalira mpunga wake. Zimenezo sitingazibweze. Amene tingawapulumutse ndi awo akusinja kuseri kwa nyumbawo."

Tinagwira ntchito masiku atatu. Ndinakhetsa oyilo, anatuluka woyererako ngati tiyi wamkaka chifukwa cha madzi. Tcheni chinali chitadyeka ndi mchenga, mano a giya atasongoka ngati minga. M'mawilo munalibe girisi ngakhale pang'ono, ndipo mabuleki anali dzimbiri lokhalokha. Chilichonse ndinkamugwiritsa ndi manja ake, chifukwa fundi wabwino sakonza njinga yokha, amakonzanso mwini wake.

"Kuyambira lero njinga iyi nyanja iziionera patali," ndinatero. "Muziipukuta pakhomo ndi nsanza yonyowa. M'mawa uliwonse, musanamwe tiyi, yang'anani oyilo. Finyani mateyala, akafewa popani. Gwirani mabuleki onse awiri. Kenako muilize, muimvere. Injini ikadwala imadandaula kaye isanafe."

"Nanga tcheni?"

"Loweruka lililonse muzichitsuka ndi palafini, chiume, muthire oyilo. Chisakhale chothina ngati ng'oma kapena cholendewera ngati ukonde. Chizisewera pang'ono, mulingo wa chala chachikulu. Pulagi muzimasula n'kuchotsa mwaye, ina yapadera izikhala m'thumba. Ndipo thanki isagone yopanda petulo."

Mwajuma anali ataima pakhomo. "Abambo, mukaiwala ndizikukumbutsani. Tiyi azibwera njinga ikalira."

Zaidi sanaseke, koma anagwedeza mutu.

Anzake kumsika anayamba kumunyoza. "A Zaidi, njinga yanu yasiya kusamba? Ifika bwanji pamzikiti yosatawasa, yosadziyeretsa ngati wokapemphera?" M'mawa uliwonse mudzi wonse unkadzuka ndi kulira kwa injini. Tsiku lina anabwera kwathu atagwira kachitsulo kakang'ono kolumikizira tcheni.

"Ndapeza katang'aluka potsuka. Kakanaduka panjira."

Ndinamupatsa kena ka m'bokosi langa, kamene ndinachokera nako ku Halale. Ndinadziwa kuti munthuyu waphunzira, pakuti wayamba kuona vuto lisanamugwetse.

Nthawi ya Mwajuma inafika msanga, kutatsala masabata atatu. Linali Lachisanu m'mawa, nthawi yomwe ija Zaidi ankakhala ali m'nyanja ndi mchenga m'manja. Usiku kunagwa mvula ndipo msewu unali matope. Amayi awiri anamutulutsa atamugwirira, nkhope itatuwa, milomo itauma. Anthu anasonkhana. Ndinaona amuna ena akuyang'ana kumene kunatsamira mitengo ya machila ija.

Zaidi anakwera. "Bisimila," anatero, naponda kamodzi.

Injini inalira.

Anamukhazika mkazi wake kumbuyo, namumangirira kwa iye ndi nsalu ziwiri. Ananyamuka pang'onopang'ono, akulambalala zithaphwi. Ife tinatsala tikumvetsera mpaka phokoso linazimirira.

Zaidi anabwerako Lamlungu masana, yekha, njinga ili matope mpaka pathanki. Ndinachita mantha, ine amene sindinaope ngakhale pansi pa mgodi.

"Amung'amba," anatero. "Adokotala akuti tikanachedwa ola limodzi tikanataya onse awiri. Ali moyo. Mwana ndi wamkazi, tamutcha Madina."

Sanalowe m'nyumba. Anayamba wapita kumanda kwa Bakari, nakhalako kanthawi. Atabwerako anatenga nsanza ndi ndowa ya madzi, nayamba kupukuta matope pakhomo pomwepo.

Inu nonse amene mwagula njinga zamoto m'mbali mwa nyanja muno, mverani ine Habibu, amene ndaona injini zambiri kuposa tsitsi la m'mutu mwanu. Njinga yamoto si bwato. Musailowetse m'madzi, musaikweche ndi mchenga. Oyilo, mateyala, mabuleki ndi kuiliza m'mawa uliwonse, tcheni ndi pulagi sabata iliyonse. Ntchito imeneyi siitenga nthawi yoposa yophikira tiyi. Kuwala kwa njinga sikunafikitsepo wodwala kuchipatala. Isamaleni lero kuli bata, chifukwa tsiku limene mudzaifune kwambiri silidzakuuziranitu kuti likubwera.