Bodza la Andor Pataki

Andor Pataki anatsika sitima pa doko la Veracruz m'chaka cha 1939 ali ndi sutukesi imodzi ndi jekete la dziko lozizira, limene linamuchititsa thukuta ulendo wonse wopita mumzinda wa Mexico. Kwawo ku Budapest anali atatsogolera kale makanema atatu oseketsa, koma lamulo latsopano linati Ayuda asayandikirenso kamera. Mayi ake anamuuza kuti atsogole, iwo abwera pambuyo. Sanabwere.

Zaka zoyamba pa kampani ya makanema ya a Rutilio Zepeda anagwira ntchito zimene kwawo ankatuma ena: kunyamula nyale, kulumikiza filimu, kuitana osewera ochedwa. Anzake dzina lake linawakanika, n'kumangomutchula kuti Don Andrés. Chisipanishi anachigwira msanga, cha kumsika ndi zotukwana zomwe, chifukwa mayi amene ankamuchititsa lendi anali wolongolola. Koma anaona kuti kusamva kuli ndi phindu lake. Wosewera akayamba kudandaula za zovala, kapena wina akamufunsa funso lomupanikiza, Pataki ankangomwetulira, kutambasula manja, n'kunena kuti pepani, chilankhulo chikundivuta. Anthu ankaseka n'kumusiya.

Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali chiphaso chokhalira m'dzikomo. Chinkatha chaka ndi chaka, ndipo kuti achiwonjezere pankafunika kalata ya abwana ake. Kobwerera kunalibe.

Mu 1944 a Zepeda anamupatsa kanema wake woyamba, nkhani ya okwera pa hatchi a nthawi ya nkhondo ya zigawenga. Anakajambulira ku zigwa za ku Apan, pakati pa minda ya khonje. Mvula inawasokoneza milungu iwiri, ndipo Lachinayi lina kunafika uthenga wochokera kwa a Zepeda woti ngati ntchito siitha Loweruka, kanemayo amupatsa munthu wina wodziwa nyengo ya kuno.

Panatsala gawo limodzi lalikulu, pamene ngwazi ya m'nkhaniyo imawomberedwa ikuthawa n'kugwa pa hatchi. Wosewera wamkulu sankagwa yekha, nkhope yake inali yodula. Womugwera anali Crescencio Olvera, amene aliyense ankamuti Chencho, bambo wa zaka makumi atatu, wamfupi, wa miyendo yamatewe, wokulira m'khola la hatchi. Loweruka m'mawa Chencho anagwa kawiri pa mchenga umene anathira dala, ndipo kawiri konse anadzuka akudzisasa fumbi. Wojambula anati zatheka, angathe kulongedza.

Pataki sanakhutire. Masana mitambo yakuda inaunjikana kuseri kwa phiri, dzuwa n'kuboola pakati, kuwala kwake kukugwera kumunsi kwa chitunda kumene mizere ya khonje inkatsetsereka. Chithunzi chotero anali asanachionepo chibadwire. Analamula kuti kamera itembenuke, hatchi ithamangire kumunsiko.

Chencho anatsika wapansi kukayendera malowo, akuponda apa ndi apo ndi chidendene. Pobwera anamupeza Pataki ali yekha, anthu ena ali kalikiliki ndi kamera chapatali. Anavula chipewa.

"Bwana, kumunsiko pansi ndi pofumbwa, mauna a mfuko okhaokha. Mundipatse ola limodzi ndi anthu anayi a mafosholo tikwirire. Hatchi ikapondamo ili pa liwiro, tathera pomwepo."

Pataki anamva mawu onse, limodzi ndi limodzi. Anayang'ana mitambo ija, imene inali itayamba kale kusuntha, ndipo anadziwa kuti pakatha ola kudzakhala mvula yokhayokha. Anamwetulira, natambasula manja.

"Inde, inde, malo yabwino kwambiri," anatero mopotoza lilime. "Iwe thamanga, igwa, basi."

Chencho anabwerezanso pang'onopang'ono, akuloza pansi, koma Pataki anamusisita paphewa n'kutembenuka. Wosewera wamkulu uja, ali khale pa mpando pansi pa ambulera, anafuula kufunsa ngati Chencho wayamba mantha, kuti amubwereke siketi. Anthu anaseka. Chencho anavala chipewa chake n'kukwera.

Hatchi inathamanga bwino mpaka pakati pa chitunda. Kenako mwendo wakutsogolo unalowa pansi, hatchi inagudubuzika, n'kumugwera munthu pamsana. Wojambula anayang'ana Pataki kudikira mawu oti aleke, koma Pataki anakhala chete kamphindi, kamera ikuzungulirabe, fumbi likukwera m'kuwala kuja. Hatchi anaiwombera pomwepo. Chencho anamunyamulira pa chitseko, ali maso, akufunsa chifukwa chake miyendo yake sakuimva.

Patatha mwezi, bungwe la antchito a zakanema linaitanitsa mlandu. Chencho ali chigonere m'chipatala anali atanena kuti anawachenjeza abwana. Pataki anapita ku mlanduwo ndi womasulira, mkulu wina wa kwawo wogulitsa mankhwala, ndipo kudzera mwa iyeyo anafotokoza kuti zoonadi Chencho analankhula naye, koma iye sanamve, ankayesa kuti akuyamikira malowo. Mboni zinavomereza kuti Don Andrés Chisipanishi chimamuvuta, aliyense amadziwa. Akuluakulu anagamula kuti Chencho ndiye ankadziwa za ngoziyo ndipo anakwera mwa kufuna kwake. Mkazi wa Chencho, mayi Herlinda, anali pa benchi ya kumbuyo atafunda nsalu yakuda kumutu. Pataki potuluka anawadutsa akuyang'ana nsapato zake.

Gawo lija sanalidule. Kanema atatuluka anthu ankaima pamzere mpaka kuseri kwa msewu, ndipo kugwa kwa hatchi kuja nyuzi zinakutamanda kuti sikunaonekepo m'dzikomo. Kalata ya chiphaso a Zepeda anailemba osapemphedwa. Patapita zaka zitatu Pataki analandira unzika.

M'zaka khumi ndi zitatu anatsogolera makanema makumi awiri ndi anayi, a hatchi, a oimba a m'mabala, a amayi olira ana awo. Anagula nyumba ku Coyoacán. Anatchuka kuti ndi wotsogolera makanema wosamala kuposa onse: malo othamangira hatchi ankawayendera yekha ndi ndodo, mpaka okwera ankatopa naye. Koma lilime lopotoza lija linamukanirira. Kuntchito sakanayamba mwadzidzidzi kulankhula bwino pamaso pa anthu amene anamuikira umboni, choncho anapitiriza kulakwitsa mawu amene ankawadziwa, chaka ndi chaka, anthu n'kumamukonda nazo. Akamutengera ku phwando ankamupempha kuti anene mawu akutiakuti kuti aseke. Kanema wake woyamba uja sanamuonerenso. Akamva kuti akumuonetsa kwinakwake ankazungulira njira ina.

Tsiku lina mu 1957 wosunga katundu wa osewera anabwera ndi zishalo zatsopano zisanu. Pataki anayamikira kasokedwe kake, ndipo munthuyo anati n'za Chencho Olvera, uja anathyoka msana, masiku ano amasoka zikopa ku Pachuca kuseri kwa msika, mpaka anatchula ndi msewu wake. Ananena ngati nkhani wamba, n'kupitiriza ntchito yake. Pataki nthawi yonseyi ankadziuza kuti mwina munthuyo anamwalira, kapena anapita kutali kwa abale. Tsopano anali ndi dzina la msewu. Anakhala nalo milungu itatu, kenako Lamlungu lina m'mawa anayendetsa galimoto yekha kupita ku Pachuca.

Amene anatsegula chitseko anali mayi Herlinda, imvi zili mbuu. Anamuzindikira nthawi yomweyo. Sanamupatse moni, anangopatuka pakhomo n'kuloza kuseri. Chencho anali pabwalo la m'kati, pansi pa denga la malata, pa mpando wa matayala a njinga umene wina anamukhomera. Mapewa ake anali atakula ngati a ng'ombe, miyendo itafota pansi pa bulangete. Ankaboola chikopa ndi chisongole.

"Ha, Don Andrés," anatero osaleka ntchito. "Mwakalambatu. Mukufuna wina wokugwerani?"

Pataki anali atakonza mawu ambiri m'galimoto, koma onse anabalalika. Anaima chipewa chili m'manja, nalankhula Chisipanishi chosalala, chimene ku kampani kunalibe anachimvapo. Anati tsiku lija anamva zonse, za mauna, za ola limodzi, za anthu anayi a mafosholo. Anati anaopa mitambo ndi a Zepeda, ndipo ku mlandu ananama.

Chencho anaika chisongole pansi n'kumuyang'ana.

"Tamverani mmene akulankhulira, ngati wansembe," anatero. "Bwana, mukuyesa mwandiuza zachilendo? Maso anu ndinawaona. Munthu wosamva amayang'ana pakamwa pa mnzake, inu munayang'ana kumwamba."

Pataki anafunsa chifukwa chake anakwerabe. Chencho anaseka pang'ono nati umenewo ndi mlandu wake iye mwini, wa kunyada, ndipo akhala akukambirana ndi Mulungu zaka zonsezi. Akanatha kukana, koma nkhani ya siketi ija inamulowa m'mutu. Za miyendo anati anazolowera, munthu amazolowera. Chimene sanachizolowere n'chakuti pepala la mlandu linamusandutsa chitsiru chimene chinaona dzenje n'kulumphiramo, ndipo ena ankanong'ona kuti nkhani yochenjeza abwana anangoipeka ali m'chipatala. Achimwene ake enieni anamwalira akukhulupirira zimenezo.

Pataki anayamba kunena kuti ali ndi nyumba, ali ndi madokotala odziwana nawo, chilichonse chimene angafune. Mayi Herlinda, amene anali ataima pa khomo la khitchini, analankhula koyamba.

"Zanuzo khalani nazo. Munanama pagulu, mukanenenso zoona pagulu. Kuno kuseri kwa nyumba kulibe amene akukumvani, ndi nkhuku zokha."

Pobwerera Pataki anaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu. Anazindikira kuti anapita ku Pachuca ndi chiyembekezo chakuti amukhululukira mwakachetechete, iye n'kubwerera ku ntchito Lolemba ali wopepuka. Ngakhale kulapa kwake ankafuna kukhale kotchipa.

Zinamutengera miyezi iwiri. Pa msonkhano waukulu wa bungwe lija anapempha mpata, naimirira pamaso pa anthu oposa mazana atatu, ambiri oti anagwira nawo ntchito. Atangoyamba, ena anaseka poganiza kuti Don Andrés waloweza mawu kuti awasangalatse. Kuseka kunazilala pang'onopang'ono. Anafotokoza zonse monga zinachitikira, osasiyako ngakhale kamphindi kamene analola kamera kuzungulira munthu ali pansi pa hatchi. Atakhala pansi, wojambula wake wakale uja, amene anali pambali pake, ananyamuka n'kukakhala mzere wina.

Bungwe linafafaniza chigamulo chakale, linalemba kuti Crescencio Olvera ananena zoona, n'kumuika pa thandizo la mwezi ndi mwezi la ovulala pa ntchito. Koma Pataki linamuimitsa ntchito chaka chimodzi. Chakacho chitatha a Zepeda anali atamwalira, makampani akutsekedwa, ndipo amene anatsala sankamuyankha lamya. Okwera pa hatchi anagwirizana kuti sadzamugwirira ntchito. Anatsogolera makanema awiri okha, ang'onoang'ono, kenako anayamba kuphunzitsa Chijeremani kwa ana a anthu olemera.

Anthu ena ankamuuza kuti anachita chamuna, koma iye sankamva choncho. Zaka khumi ndi zitatu zija zinalipobe, ndipo Chencho sanaimirire. Kamodzi pa mwezi ankapita ku Pachuca. Chencho ankamupatsa chikopa kuti agwire iye akusoka, akumunyoza kuti manja ake ndi a mlembi, n'kumamufunsa miseche ya osewera, ndani anasiya mkazi, ndani wayamba kumwa. Za ku Apan sanazitchulenso. Mayi Herlinda ankaika mbale ya nyemba ndi tortiya, zikondamoyo zopyapyala za chimanga, pa tebulo la amuna awo, imodzi yokha, ndipo Chencho ankakankhira theka kwa mlendo mkaziyo akuona.

Chencho anamwalira mu 1963 ndi matenda a impso, amene madokotala anati anayambira pa msana paja. Pa maliro panadzaza okwera pa hatchi, achikulire ndi zipewa zawo zazikulu, ndipo palibe anamulankhula Pataki. Iye anaima kunja kwa mpanda, padzuwa, akuganiza zochoka mwambo usanathe. Nthawi yonyamula bokosi itakwana, amuna asanu anayandikira, wachisanu ndi chimodzi akuvula jekete. Mayi Herlinda anamuletsa ndi dzanja. Anadutsa pakati pa anthu mpaka ku mpanda, naima pamaso pa Pataki.

"Bwerani mudzanyamule," anatero. "Mugwire kumutu. Ndiko kolemera."

Pataki anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri, ndipo msewu wa kumanda unali wokwera. Anzake asanu aja anasinthana ndi ena panjira, koma iye panalibe anabwera kudzamulandira, ndipo sanapemphe. Anafika nalo mpaka pa dzenje, phewa litachita dzanzi. Anthu atabalalika anapita kwa mayi Herlinda kukatsanzika. Mayiwo anagwedeza mutu kamodzi, natembenukira kwa abale awo.