Mawaipa a Kagalimoto ka Svetozar

Svetozar adabwera ku galaja kwanga mvula ya Okutobala itangoyamba, nyengo ija mapulamu atatha kale m'mitengo ndipo m'tauni mwathu monse mukununkha tsabola wootcha. Injini yake ndidaimva asanakhote n'komwe. Kanali kagalimoto koyera ka mtundu wa Fića, ka 1976, kamene adagula akuphunzitsa akodiyoni pa sukulu ya nyimbo. Anzake adagulitsa tawo kalekale, ena n'kutisandutsa makola a nkhuku, koma iye kake ankakapukuta Loweruka lililonse.

Svetozar ndiye adandiimira pa ukwati wanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo sitinkatchulana maina. Iye sankati Ljubinko, ine sindinkati Svetozar. Tinkangoti "kume", monga amaitanirana anthu amene ukwati udawamanga pamodzi.

"Kume, tamvera izi," adatero akuyatsa mawaipa. Kwiii, kwiii.

"Wasungamo mphaka kodi?"

"Seka. Iwe makutu ako adafa ndi nyundo. Ine phokosoli likundilowa m'mano."

Ndidatukula waipa imodzi. Labala yake inali gwa ngati chidendene cha nsapato, ming'alu yokhayokha. Ndidadula yatsopano n'kuikamo, kenaka ndidatsuka galasi ndi viniga, chifukwa mnzangayo ankapaka polishi paliponse.

"Polishi ndi wa penti, osati galasi. Ndakuuza kangati?"

"Ukadatsukira rakija, kachasu wako uja," adatero. "Ameneyo amasungunula ndi msomali womwe."

Tidamwa khofi, iye n'kumapita.

Patatha sabata adabweranso. Ulendo uno waipa yakumanzere inkadumpha pagalasi, tetetete, n'kumasiya mizere yamadzi. Nditayang'anitsitsa ndidaona kuti mkono wake wapindika pang'ono, moti labala inkakokedwa chogona m'malo moima bwino n'kumatembenuka ikafika kumapeto. Ndidakulunga kansanza, ndidagwira ndi mapulayazi awiri, n'kuuwongola pang'onopang'ono mpaka udakhala m'malo mwake.

Kachitatu phokoso linali lam'kati, pansi pa galasi: go, go, go. Pamenepo ndidamasula zonse. Kabushi ka pamene zitsulo zimalumikizana ndi kamota kadali katadyeka. Totero sitipezekanso m'sitolo, choncho ndidasema kena ka mkuwa, tsiku lathunthu. Ndidapaka girisi, ndidamanga, ndidathira madzi pagalasi ndi paipi. Mawaipa ankangoyenda mwakachetechete. Svetozar adatchera khutu nthawi yaitali, maso ali chitsinzinire, monga ankachitira mwana wasukulu akamamuimbira.

"Basi, akhala bwino," adatero.

M'mwezi wa Novembala, tsiku lopanda ndi kamtambo komwe, ndidangoona kagalimoto kaja kakulowanso. Svetozar adatsika atavala jekete la kutchalitchi ndi masilipasi a m'nyumba.

"Mawaipa awa akulira," adatero. "Sindinawaonetsepo kwa munthu. Ndati ndiyambe pano."

Ndidaseka poyesa nthabwala. Iye sadaseke. Adayang'ana uku ndi uku m'galajamo.

"Bambo ako ali kuti? Iwowo ndiwo amazitha izi."

Bambo anga adamwalira zaka makumi awiri zapitazo, ndipo Svetozar yemweyo adanyamula nawo bokosi. Ndidamukhazika pampando, ndidayatsa mawaipa, ndidathira madzi. Panalibe phokoso lililonse. Koma iye ankagwedeza mutu n'kumati, "Wamva? Wamvatu?" Ndidati ndamva. Kenaka ndidamutsatira pambuyo pa njinga mpaka adalowa pageti pake.

M'mawa mwake mudabwera mkazi wake, Desanka, atanyamula mbale ya gibanica, chitumbuwa cha tchizi, yovindikira ndi nsalu. Adaiika pa tebulo langa la zitsulo, pakati pa masipanala, ndipo sadafune kukhala pansi.

"Kume, Lachiwiri adapita kukagula buledi," adatero. "Adakamupeza pamalo othirira mafuta kupitirira Topola, ali phee m'galimoto, sakudziwa kwawo. Anthu a kumeneko ndiwo adandiimbira. Adokotala akuti ndi matenda oiwala, ndipo sizibwerera m'mbuyo."

"Bwanji osandiuza, Desanka?"

"Ndinkati mwina ndi kutopa." Adapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Tsiku lina adzagunda mwana wa eni. Ndikamulanda makiyi ine, andida mpaka kumanda. Koma inu, pa za galimoto, amakumverani."

Ndakhala ndikukonza magalimoto zaka makumi asanu, ndipo kufikira nthawi imeneyo ndinali ndisananamizepo munthu kuti chabwino n'chowonongeka. Svetozar atabweranso Lachisanu, ndidatsegula boneti, ndidagwiragwira mawaya, n'kumuuza kuti kamota ka mawaipa kapsa.

"Kapsa? Nanga akuyenda bwanji?"

"Akuyenda lero. Mawa akusiya pakati pa mvula. Ndiitanitsa kena ku Belgrade. Kagalimotoka kasiye pompano."

Adayang'ana makiyi m'dzanja mwake kanthawi, kenaka adandipatsa. Panali kachikwama kachikopa kamene mwana wake adamusokera ali ku pulayimale.

Kagalimotoko ndidakakankhira pakona n'kukafunditsa chinsalu. Kuyambira pamenepo Svetozar ankabwera wapansi m'mawa uliwonse, Desanka akumutsatira chapatali n'kuima pa sitolo ya buledi ngati akugula kanthu.

"Kafika?"

"Ayi, kume. Anthu a ku Belgrade ukuwadziwa."

"Akuba okhaokha," ankatero, n'kukhala pansi kudikira khofi. Masiku ena ankandifotokozera za ana amene adawaphunzitsa, maina awo onse ndi zala zimene zinkawavuta. Masiku ena ankandifunsa ngati ndine wachilendo m'tauni muno. Bodza lija ndinkalibwereza tsiku ndi tsiku, ndipo silidapepukepo.

Tsiku lina m'Disembala kudagwa mvula yozizira, yosakanikirana ndi chipale. Svetozar adalowa atanyowa mapewa. Sadafunse kanthu. Adapita pakona paja, adatukula chinsalu, n'kusisita galasi ndi dzanja.

"Ljubinko," adatero. Zaka zonsezi anali asananditchulepo dzina. "Kamota kaja sikadapse."

Ndidatola kansanza n'kumapukuta manja.

"Desanka ndiye adakutuma. Usakane, nkhope yako siidziwa kunama. Mwachita bwino. Ndimadzuka, kume, osadziwa kuti mayi wagona pambali panga ndani. Kenaka ndimakumbukira, n'kuchita manyazi. Lero mutu uli bwino. Tandiyendetsako."

Ndidachotsa chinsalu, ndidabwezera batire. Injini idalira nditayesa kachiwiri. Desanka adatiwona tikutuluka, adathamangira kumsewu, koma ataona kuti chiwongolero ndagwira ine, adaima. Svetozar adatsitsa galasi.

"Kwera, mayi. Kumbuyo kuli malo, ngati sudanenepe."

"Tamuoneni," adatero Desanka akukwera. "Wonenepa ndani pakati pa iwe ndi ine?"

Tidatuluka m'tauni, kudutsa minda ya mapulamu yopanda tsamba, kukwera chitunda cha kutchalitchi chakale. Mvula inkamenya galasi, mawaipa n'kumaichotsa bwinobwino. Svetozar ankandiuza posinthira giya ngati ndikuphunzira kumene, ine n'kumamvera. Pa mlatho adaloza pamene adaphulitsapo tayala akupita ndi Desanka kuchipatala kukabereka, ndipo awiriwo adakangana ngati linali lakutsogolo kapena lakumbuyo. Desanka ankaseka, misozi ikutsika, dzanja lake lili paphewa la mwamuna wake.

Pobwerera Svetozar ankangoyang'ana kunja pawindo. Titafika pageti pawo adatsika, adandigwira chanza mwaulemu, n'kunena kuti, "Zikomo, bambo. Mumayendetsa bwino." Kenaka adafunsa Desanka ngati nyumbayo inali yotseguka kwa alendo.

Ku galaja sadabwerenso. Chaka chatsopano chitangolowa, mwana wawo adabwera kudzawatenga onse awiri kupita nawo ku Novi Sad, kufupi ndi chipatala. Ndidakamuona kamodzi m'mwezi wa Malichi. Ndidamupeza atakhala pawindo, atamufunditsa bulangete m'miyendo. Adandilozera mpando, nandifunsa ngati ndabwera kudzalembetsa mwana kuti aphunzire akodiyoni. Ndidati inde. Adati abwere Lolemba, zikhadabo atawenga.

Adamwalira mapulamu akuchita maluwa. Tidamuika kuno kwathu, pafupi ndi makolo ake. Patatha masiku makumi anayi, titachoka kumanda kumene tidakachita mapemphero omukumbukira, Desanka adandipatsa mapepala a kagalimoto ali m'envulopu.

"Mupezereni munthu amene adzakasamale," adatero. "Koma asakhale wa m'tauni muno. Sindifuna kumakaona kakudutsa."

Adakatenga mphunzitsi wina wamkazi wa ku Niš, amene adabwera ndi mwamuna wake pa basi. Ndidawaonetsa pothirira oyilo ndi m'mene chitseko chakumanja chimatsekedwera. Atakhota pakona ndidasesa pamalo pamene kankaima, kenaka ndidapita kukauza Desanka kuti kapita.