Mababu Akufa a Bambo Veikko

Bondo la a Veikko linasankha nthawi yoipa. Ukwati wa mwana wawo Tuuli unali pafupi, ndipo iwo anali atalumbira kuti adzavina naye tango, tauni yonse ya Kajaani ikuonerera. Koma tsopano ngakhale kukwera pabenchi la mu sauna, kachipinda kosambiramo nthunzi yotentha, inali nkhondo.

Ndiye anagula nyale ina yowala mofiira, imene amati imachepetsa ululu. Atangoiyatsa, nkhope inagwa.

"Raili, andibera!" anaitana akazi awo. "Theka la mababu ndi akufa. Komanso chinthuchi sichikutentha n'komwe!"

Musawaseke kwambiri. Munthu wokulira mu sauna amakhulupirira kuti chosatulutsa thukuta si mankhwala. A Veikko anathimitsa batani la mababu akufawo n'kumawotha ofiira okha, bondo lili chiwawire.

A Raili atatopa ndi kubuula, anaitana a Aulikki a nyumba yoyandikana nayo, amene amaphunzitsa odwala kulimbitsa minofu kuchipatala.

"Tayatsani onse," anatero a Aulikki, akuloza nyaleyo ndi kamera ya foni. "Onani apa."

Pafonipo mababu aja ankanyezimira bwinobwino.

"Abale inu! Auka kwa akufa!" anafuula a Veikko.

"Sanafe ayi, achimwene. Kuwala kwakeko maso athu sakuona. Kofiira kooneka, kwa nambala ya m'ma 660, kumathera pakhungu. Kosaonekako, kwa m'ma 850, n'kumene kumalowa mkati, kufupi ndi minofu. Manambalawa alembedwa pabokosi."

A Raili anaseka mpaka misozi. "Ndiye masiku onsewa mumasalalitsa khungu la bondo? N'chifukwa chake lakongola chonchi!"

"Koma mverani," a Aulikki anapitiriza. "Tetezani maso, ndipo musapitirire nthawi imene opanga ananena. Nyaleyi imathandiza ena, ena ayi. Kaonaneni ndi dokotala kaye, ndipo masewera olimbitsa bondo musawazembe."

A Veikko ananyinyirika monga mwa masiku onse, koma anamvera. Dokotala anavomera, masewera anayamba, bondo n'kuyamba kumasuka pang'onopang'ono.

Tsiku la ukwati anavina ndi Tuuli nyimbo yonse, mwanayo akulira ndi chimwemwe paphewa pawo. Itatha, a Veikko anatambasulira a Raili dzanja.

"Bwerani kuno, inu munkandiseka aja!"

Nanunso musasankhe nyale yotere poona kuwala kapena kutentha kwake. Werengani nambala, dziwani ngati vuto lili pakhungu kapena mkati, ndipo funsani azaumoyo musanayambe.