Mphindi Khumi Pambali pa Nyumba

"Bokosi la mkulu wanga silikwera galimoto yolira ngati ketulo," anatero a Wendell, akukankhira mbale ya nyama pakati pa tebulo.

Garrett anaika foloko pansi. Linali tsiku lachitatu chimwalirireni bambo ake, a Orval Sedlacek, ndipo maliro anali oti aikidwa mawa lake. Kuno kuzitunda za mchenga za ku Nebraska, woweta ng'ombe sapita kumanda pagalimoto yakuda ya anthu a m'tauni. Amapita atagona kumbuyo kwa pikapu, pomwe ankanyamulapo udzu ndi ana a ng'ombe. Zimenezo panalibe wotsutsa. Mkangano unali woti pikapu yake iti.

Garrett, mwana woyamba wa malemuwo, anali makaniko ku North Platte, ndipo anabwera ndi yake yatsopano, ya masilinda sikisi ndi matebo awiri. Anafotokoza modekha, monga amachitira ndi makasitomala ovuta, kuti tebo imakankhira mpweya wochuluka mu injini, ndiye injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu koma mafuta imangonyambita. Anati mvula yadzana yafewetsa msewu wokwera kumanda, ndipo yakeyo ikwera osachita kubuula. A Wendell, mng'ono wa malemu, anati injini yeniyeni ndi ya masilinda eyiti, yopuma yokha popanda wina woipopera m'mphuno, ngati ya Orval ili panjayo. Anati tinjini tokakamizidwa timeneti timafa tisanamere mano, ndipo adzaone ngati yakeyo idzafike zaka khumi.

"Ankolo, inu mukanakhala ndi mphamvu bwenzi tonse tikuyendabe pa abulu," anatero Garrett.

"Bulu amadziwa kwawo. Yakoyo ikasowa kompyuta siidziwa ndi geti lomwe."

Amuna akuno ndi otero. Akayamba za injini, ngakhale mutawakhazika pamaliro, amaiwala ndi khofi yemwe ali m'manja. A Maxine, mkazi wa malemu, sanawadzudzule. Ankadziwa kuti awiriwa akukangana chifukwa kulira sakutha. Anawasiya mpaka mawu anayamba kukwera, kenako ananena kuti amuna awo apita pagalimoto yawo yomwe, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Koma amene ayendetseyo andimvere," anawonjezera. "Mukafika kumanda musaizimitse pompo. Muisiye ilire mphindi khumi kuti tebo izizire. Bambo anu sanaphonyepo ndi tsiku limodzi lomwe."

Garrett anaseka, kuseka kwake koyamba chibwerereni. "Tebo iti, Amayi? Galimoto imeneyo ilibe tebo. Ya tebo inali ya dizilo ija, imene anagulitsa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Iyo inde, inkafunika kuizizitsa ikakoka ngolo. Iyi mukhoza kungoizimitsa ngati getsi."

Mlongo wake Joleen anamuponda pansi pa tebulo, koma mawu anali atatuluka kale. A Wendell anayamba kuyang'ana m'kapu mwawo ngati mwagwera ntchentche.

"Nanga ankakhaliramo chiyani?" anafunsa a Maxine.

Anaimirira. Anasonkhanitsa mbale n'kupita nazo kosukira, Joleen atafuna kuwathandiza anamukaniza.

Anakhala ndi a Orval zaka makumi anayi ndi zinayi. Sanali mwamuna wankhanza, sanali woyendayenda, koma mawu ankawatulutsa ngati amachita kugula. Madzulo aliwonse pikapu inkalowa pageti, n'kuima pambali pa nyumba, injini n'kumangolira, mwiniwake ali phee m'katimo. A Maxine anafunsapo kamodzi kalekale, anayankhidwa kuti tebo ukaizimitsa ili yotentha oyilo amapserera m'kati, ndipo anakhutira. Ankafika pofotokozera azimayi anzawo kutchalitchi, monyadira ndithu, kuti awo ndi bambo osamala zinthu. Tsopano ankaganiza za azimayi aja, amene amuna awo onse amadziwa injini, ndipo manyazi anawagwira.

Manyaziwo anali ochepa poyerekeza ndi chimene chinabwera pambuyo pake. A Maxine ankawadziwa amuna okhala m'galimoto pakhomo pawo pomwe. Bambo awo owabereka ankatero, botolo lili pansi pa mpando, kuchedwetsa nthawi yoonana ndi mayi awo. Mwamuna wina wa kutsidya kwa mtsinje anatero chaka chathunthu, kenako tsiku lina anangobweza galimoto n'kulowera ku Wyoming osabwereranso. Munthu sakhala panja pa nyumba yake popanda chomulemera m'katimo. Ndipo m'nyumba imeneyi, ana atakula n'kuchoka, munatsala munthu mmodzi yekha woti n'kulemera mnzake.

Ankadzidziwa kuti pakamwa pawo sipachedwa. Nsapato zamatope, chipewa patebulo, geti losatseka, zonse ankazinena, ndipo ankazinena kawiri. A Orval ankangoti, "Chabwino, Max." Kodi chabwino ameneyo anali wa munthu wokhutira kapena wa munthu wopirira? Imfayo anali atayamba kuilandira, poti inabwera mwaulemu, m'mawa wa Lachiwiri, bamboyo akumanga zingwe za nsapato. Koma kukaika m'manda munthu amene mwina ankachita kudzikoka kuti alowe m'nyumba mwawo, zimenezo mtima wawo unakana. Anamusowa mwamuna wawo koopsa masana amenewo, ndipo chimene ankamufunira chinali funso limodzi lokha.

Anawapeza a Wendell kukhola akuponyera mahatchi udzu.

"Alamu, mundiuze zoona, ine si mwana. Ankamwa?"

"Orval? Botolo limodzi la paukwati wa Joleen analisiya theka."

"Panali mkazi?"

A Wendell anaseka mpaka kutsokomola. "Mkazi wake uti wina angapirire munthu woyankha Lachisanu funso la Lolemba? Inu nokha, alamu."

"Ndiye anali atatopa nane."

Apa kuseka kunatha. A Wendell anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, anachivalanso. Anavomera kuti ankadziwa kuti galimotoyo ilibe tebo. Anati anamufunsapo mkulu wawo tsiku lina, ndipo anauzidwa kuti aziona za ng'ombe zake. Kenako anayesa kuwatonthoza, ndipo monga amuna ambiri akamatonthoza, anangowonjezera moto. Anati mwamuna nthawi zina amangofuna kukhala yekha m'galimoto, si nkhani, iwonso amatero.

"Inu mulibe mkazi," anatero a Maxine.

"Eya, n'zoonadi," anayankha a Wendell, n'kubwerera ku udzu wawo.

Dzuwa litapendeka, Garrett anabwera kudzapempha makiyi kuti akatsuke galimoto ya bambo ake pampopi wa kukhola. Ankalankhula mofatsa kwambiri, maso ali pansi, ngati mwana amene waswa kapu ya alendo. Mayi ake anamuuza kuti atsogole, aibweretsa okha.

Pikapuyo inali pomwe a Orval anaisiya Lolemba madzulo. Panalibe anaikhudza. Matayala anali atakumba timaenje tawo m'nthaka chifukwa choima malo amodzimodzi zaka zonsezi. Zenera la woyendetsa linali lotsitsa, ndipo mpando unali wonyowa ndi mvula ija ndi mame a masiku atatu. A Maxine anakwera movutikira, poti galimoto zimenezi anazipangira anthu a miyendo yaitali. M'katimo munkanunkha udzu, chikopa ndi maswiti a timbewu tonunkhira amene bamboyo ankatafuna. Anatsegula kabokosi ka kutsogolo, anapisa dzanja pansi pa mpando, anasuzumira kuseri kwake. Anapeza pulayala, magolovesi osiyana, ndolo zachikasu za manambala zoika m'makutu a ng'ombe ndi chingwe. Botolo munalibe, kalata munalibe, ndipo anadabwa kuona kuti akhumudwa. Botolo akanalimvetsa.

Anapotokola kiyi. Injini inabangula kamodzi, kenako inatsika n'kuyamba kuguguda pansipansi, mawu amene iwo ankangowamvera m'nyumba. Anagwira giya, koma sanalowetse. Anaganiza zokhalamo mphindi khumi zomwezo, aone kukoma kwake kwa kukhala kumene iwo kulibe.

Panalibe choti n'kuona. Kutsogolo kunali thanki ya gasi ndi waya wa mpanda. Kumanzere kunali khoma la nyumba ndi zenera la pabalaza, katani ili yotseka. Munthu wofuna kuona dziko akanaima kwina kulikonse pafamu yonseyi. Mphepo ya Okutobala inkalowa pazenera lotsitsalo mpaka khutu linayamba kuwawa, ndipo anatambasula dzanja kuti alikweze.

Pomwepo m'nyumba munalira piyano.

Anali Joleen. Abusa anali atamupempha kuti adzaimbe nyimbo imodzi pamaliro, ndiye anatsegula piyano ya mayi ake kuti ayeserere. A Maxine anaimitsa dzanja m'malere. Nyimboyo inkamveka yonse, ngati woimbayo wakhala pampando wa pambali pawo. Anamva pamene chala cha Joleen chinaterereka, anamva akubwerera kukayambiranso mzerewo, anamva ngakhale kulira kwa chopondera chakumanja chimene chinayamba kukwekwesa kalekale. Mawu a injini ankadutsa pansi pa nyimboyo osaikhudza.

Piyano imeneyo inali chinsinsi cha a Maxine, kapena ankaganiza choncho. Ali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anauma manja pamaso pa mpingo wonse, nyimbo ili pakati, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaimbirenso munthu aliyense. Joleen anamuphunzitsa pomulozera ndi chala, iwo ataima chilili. A Orval anawapempha kawiri chaka choyamba cha ukwati. Kachiwiriko anayankhidwa mokalipa, ndipo sanapemphenso. Koma ana atachoka, a Maxine anayamba kumakhala papiyanopo madzulo aliwonse, chakudya chili pamoto, m'nyumba muli iwo okha. Pikapu ikalowa pageti sankasiya, poti ankadziwa kuti ali ndi mphindi khumi zina, ndipo ankakhulupirira kuti phokoso la injini likuwabisa. Injini ikangozima, ankatseka chivundikiro msangamsanga n'kuthamangira kukhitchini, kuti bamboyo akawapeze akutakasa mphika.

Ya dizilo ija inkawabisadi, poti inkasokosa ngati chigayo, ndipo inkaima kutali, kushedi. Anakumbukira tsiku limene a Orval anabwera ndi iyi. Anthu anawaseka kumsika wa ng'ombe, kuti munthu wokoka ngolo zodzaza wasiya dizilo ya tebo n'kugula ya petulo yomwa ngati ili ndi ludzu la chaka. Iwonso anawafunsa chimene chawalowa m'mutu. Bamboyo anangoti ija inali yaphokoso. Madzulo omwewo anaiimika pano, pansi pa zenera la pabalaza, ndipo a Maxine anakalipa sabata yathunthu chifukwa cha maluwa awo amene anapondedwa.

Anayang'ana chitseko. Pamphepete pa zenera, pomwe munthu amatsamiritsa chigongono, utoto unali utaperepeseka mpaka chitsulo kuonekera. Kuno kumazizira moti madzi amauma m'mipopi, ndipo bambo ameneyu ankakhala apa zenera lili pululu, mu Januwale momwe, kumvetsera mkazi wolakwitsa nyimbo zomwezomwezo zaka khumi ndi ziwiri. Sanayamikirepo, chifukwa ankadziwa kuti akangoyamikira, piyanoyo itsekedwa mpaka kalekale. Kenako ankalowa n'kukalipiridwa za nsapato.

A Maxine analira tsopano, kulira kumene kunawakanika Lachiwiri. Ankafuna atabwerera madzulo amodzi okha, aliwonse mwa madzulo onse aja, kuti atsegule katani.

Garrett anatopa kudikira kumpopi. Anabwera akupukuta manja pathalauza, n'kuima pazenera. Anaona nkhope ya mayi ake.

"Amayi, pepani za masana zija. Pakamwa pangapa mumapadziwa. Tsikani ndiipititse ndine, kapena ingoizimitsani."

A Maxine anaika chigongono pachitsulo choperepesekacho. Chinali chozizira, ndipo malowo anali otakata kuposa mkono wawo.

"Dikira kaye," anatero chapansipansi. "Mlongo wako sanamalize."