Lumbiro la Aometa

Bambo anga analiphunzira lumbirolo akumeta anthu. Analilemba pakapepala n'kukamata pakona ya galasi la mushopu, ndipo aliyense wokhala pampando ankalimva, afune asafune. Munthu wapakidwa thovu mpaka m'makutu, lumo lili pakhosi, iwo n'kuyamba: "Ine, pamaso pa Mulungu ndi anthu, ndikulumbira kuti ndidzakhala wokhulupirika ku dziko lino." Kasitomala wawo wakalekale, dalaivala wa thiraki, anawapempha kuti aziyamba achotsa lumo, chifukwa akafika pa mawu akuti "kuteteza malamulo ake" dzanja linkachita kunjenjemera. Anati sakufuna kukhala munthu woyamba kufera unzika wa mnzake.

Anthu onse ankangowaitana kuti Aometa. Anabwera kuno ali mnyamata, nkhondo itavuta kwawo, atakhala pamwamba pa matumba m'lole. Dziko lawolo linawafufuta m'mabuku ake, ndipo la kuno linawapatsa chikalata cha mlendo chofunika kukadinditsa chaka ndi chaka. Anakwatira mayi, omwe anali nzika, motero ine ndi mlongo wanga wamng'ono tinabadwa nzika osakhetsa thukuta ngakhale dontho. Mlongo wangayo ndi kondakitala, pakamwa pake sipauma. Ankakonda kunena kuti nyumba yathu ndi yodabwitsa, chifukwa amene amakalipira eni ake akachedwa kubwera ndi mlendo.

Chilankhulo cha kwawo sanatiphunzitse ngakhale liwu limodzi. Ankati safuna kuti wina adzatifunse kuti kwathu n'kuti. Analinso munthu wowongoka mpaka kutopetsa. Pamzere sankalola kuti wina awasungire malo. Msewu ankawolokera pamalo pake, ngakhale galimoto kulibe. Tikawaseka, ankangoti ife tikalakwa walakwa ndi mwana wa uje, koma iwo akalakwa alakwa ndi alendo onse.

Za unzika anaziyamba mayi atamwalira. Tsiku lina pochokera kumanda anandiuza kuti pambali pa mayi pali malo awo, koma sakufuna kukagona pamenepo ngati mlendo amene anangochedwa kutsanzika. Anayenda m'maofesi, anadinda zala, anayankha mafunso a mbiri ya dziko, anatenga dalaivala uja ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito kuti akhale mboni zawo. Anadikira mpaka ife tinaiwala. Kenako yankho linabwera loti avomerezedwa. Chotsala chinali chimodzi: kukaima pamaso pa woweruza, kukweza dzanja lamanja ndi kulumbira pakamwa. Anagula suti n'kuipachika kuseri kwa chitseko, osaichotsa m'pepala lake.

Sitiroko inawapeza m'mawa wina ali mushopu. Chipeso chinagwa, anawerama kuti atole, osadzukanso. Mbali yonse ya kumanja inafa. Atayamba kulankhula kuchipatala, ine ndi mlongo wanga tinangoyang'anana. Mawu ankatuluka ndithu, ambiri, koma sanali athu. Adokotala anati zimachitika: chilankhulo chimene munthu anachiphunzira atakula chimatha kuthawa, n'kutsala chimene anayamwa. Anati kumva akumva zonse, ndipo cha kunocho mwina chibwerera, mwina ayi.

Ine ndimagwira ntchito yolongedza sopo kufakitale. Ndinapempha kuti ndiweruke msanga, n'kupita ku ofesi ya unzika kukafunsa. Mayi amene ndinawapeza pawindo anandimvetsera bwino, sanandithamangitse. Anati lamulo limafuna kuti munthu alumbire yekha, m'chilankhulo cha dziko. Njira yopempha kuti wodwala akhululukidwe ilipo, koma komiti yake imakhala mwa apo ndi apo, ndipo sakanandinamiza kuti ichita msanga. Nditawafotokozera bambo zimenezi, anapukusa mutu mwamphamvu. Kukhululukidwa sanakufune.

Nzeru inachokera kwa mlongo wanga. Anali atafunsa kwa munthu amene analumbirapo, ndipo anamva kuti salumbiritsa mmodzimmodzi. Holo imadzaza, woweruza amanena mawu, onse n'kumatsatira pamodzi ngati ana a sukulu.

"Achemwali, pagulu lonselo ndani angatchere khutu pakamwa pa nkhalamba imodzi? Tikawakhazika pakati, ine ndigwira chigongono, iwo azingotakasa milomo. Basi, tatenga pepala lathu."

Sindinganene kuti ndinakana. Ndinkaona mmene bambo ankaphwera tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkaopa kuti mwambo wotsatira sudzawapeza. Titawauza, anayang'ana kukhoma n'kulankhula nthawi yaitali m'chilankhulo chawo. Ife tinati avomera.

Tsikulo litafika ndinawameta ndine, ndi lumo lawo lomwe. Ndinawacheka pachibwano, iwo n'kundiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira anyamata ophunzira ntchito. Suti inali itakula. Mlongo wanga anapinda manja a jekete n'kunena kuti telala anayeza nzika yonenepa, ndiye bambo ayambe kudya kuti dziko lisachite manyazi. Bambo anamwetulira mbali imodzi.

Holoyo inali ndi mipando yapulasitiki, mbendera pakona, ndi fani imene inkangozungulira osabweretsa mphepo. Munali anthu a nkhope zosiyanasiyana, ena ndi makanda, ena atavala ngati akupita kuukwati. Tinalowetsa njinga ya olumala imene bambo anakhalapo pakati pa mzere, pamene tinachotsa mpando umodzi. Woweruza anali mayi wachikulire wa magalasi. Analankhula mwachidule kuti unzika si pepala, koma kuvomera kusenza dziko pamodzi ndi eni ake, pabwino ndi poipa. Kenako anati onse akweze manja amanja.

Mlongo wanga analowetsa dzanja lake kunsi kwa chigongono cha bambo n'kukankhira m'mwamba. Zala zinalendewera ngati nsanza yonyowa. Gulu linayamba kutsatira mawu a woweruza, ndipo bambo sanangotakasa milomo monga tinapangana. Analankhula mokweza, m'chilankhulo chawo, kuyamba pamene gulu layamba, kuima pamene laima, mpaka kumapeto. Bambo wina amene anali pambali pathu anacheuka, kenako n'kuyang'ananso kutsogolo. Kutsogoloko palibe anamva kanthu. Anthu anaomba m'manja, ndipo mlongo wanga ananditsinzinira diso.

Anayamba kuitana mayina. Litamveka la bambo, tinakankha njinga mpaka patebulo, kalaliki n'kutambasula chikalata. Bambo sanachilandire. Anachikankha ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, kuchibwezera kumene chachokera. Mlongo wanga anaseka, nati madala atengeka ndi chimwemwe, ndipo anatambasula dzanja kuti awalandirire. Bambo anamumenya padzanjapo. Phokoso lake linamveka mpaka mizere yakumbuyo.

Woweruza anavula magalasi n'kuwerama.

"Bambo, mwalumbira?"

Anapukusa mutu.

Anawafunsanso, mofatsa, kuti mwina sanamve. Anapukusanso. Atawafunsa ngati akufunabe kukhala nzika, anagwedeza mutu kuvomera, misozi ikutsikira pabala ndinawacheka lija. Mayiwo anatiyang'ana ife awiri kwa kanthawi, koma sanatikalipire. Anatenga chikalatacho n'kuchiika pambali. Anati chiwadikira, ndipo tsiku limene adzathe kunena mawuwo asadikire za mwambo, adzangobwera ku ofesi kwawo, adzawamvera okha.

Tinabwerera kunyumba. Mlongo wanga ananyamula bambo kukawaika pabedi, n'kutuluka, ndipo anatha masabata osaponda pakhomo. Inenso mtima unali utawawa. Ndinkawapatsa chakudya osawayang'ana kumaso. Ndinkadzifunsa kuti munthu angayende ulendo wonsewo n'kukakana madzi atafika pachitsime chifukwa chiyani. Iwo ankandilankhula, kubwerezabwereza, ine osatolapo kanthu.

Kenako ndinakumbukira kuti pamsika pali mayi ena ogulitsa ulusi ndi mabatani, amene bambo ankalambalala benchi lawo nthawi zonse. Mayi anga anandinong'oneza kale kuti amenewo ndi akwawo kwa bambo. Ndinapita kukawapempha, ndipo anabwera Loweruka masana atatseka malonda. Atangopereka moni m'chilankhulo chija, nkhope ya bambo inasintha. Anacheza nthawi yaitali, mpaka ndinamva bambo akuseka, kuseka kumene sindinkakudziwa. Ine ndinakhala pakhomo la chipinda ngati mlendo.

Mayiwo atatuluka ndinawafunsa zimene bambo ankanena muholo muja. Anati linali lumbiro lomwelo, lonse, osadumpha liwu, koma m'chilankhulo cha kwawo. Ndinafunsa kuti nanga anakaniranji, poti analumbira.

"Akuti lumbiro limenelo analimva ndi Mulungu yekha, dziko silinamve. Ndipo dzanja sanakweze ndi iwo. Akuti aima pakhomo zaka zonsezi akugogoda, ndiye sangalowere pawindo atanyamulidwa ndi ana awo."

Anawonjezera kuti bambo sakutikwiyira. Akuti ife unzika tinabadwa nawo ngati mphuno, ndiye sitingadziwe kulemera kwake, ndipo zimenezo n'zimene iwo ankatifunira.

M'mawa mwake ndinapita kushopu kukachotsa galasi lija, kapepala kali pomwepo, n'kuliimika pampando moyang'anana ndi bedi. Ndikaweruka kufakitale tinkakhala pamenepo. Ine ndinkanena liwu, iwo n'kuyang'ana milomo yanga, kenako yawo m'galasi. Liwu loti "Ine" linabwera msanga. "Pamaso pa Mulungu" linatizunza, lilime linkangothawira kwawo, ndipo akakwiya ankamenya matiresi. Nthawi zina tinkaseka. Tsiku lina m'malo mwa mawu a lumbiro kunatuluka mawu akuti "wotsatira", monga ankaitanira makasitomala, ndipo anadabwa okha.

Mlongo wanga anabwera osaitanidwa, atanyamula chingwe ndi kagudumu ka njinga. Sanapepese, ndipo bambo sanadikire kupepesa. Anakhoma kagudumuko pamwamba pa chitseko, kuti bambo azikoka ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kumakwera. Anati akachira awalemba ntchito yoimitsa basi. Pang'onopang'ono dzanja lija linayamba kudzuka lokha kuchoka pabondo, kufika pachifuwa, n'kugwanso.

Mvula isanayambe anali atafika pa "ndikulumbira kuti". Ankanena momveka, ngakhale mayi a mabatani anavomereza kuti tsopano akulankhula ngati munthu wa kuno. Ndinayamba kuganiza zokachapitsa suti.

Sitiroko yachiwiri inabwera Lamlungu m'mawa, ine ndikuyanika zovala panja. Ndinawapeza atatsamira kukhoma, chingwe chili m'dzanja. Sanafike n'kuchipatala komwe.

Maliro atatha ndinapita ku ofesi kuja kukanena. Woweruza anandilandira yekha, anandipepesa, ndipo ndinaona kuti akuwakumbukira. Sindinapemphe chikalatacho, nawonso sanachitchule. Tonse tinkadziwa kuti sichingaperekedwe kwa munthu amene sanalumbire, ndiponso kuti mwini wake sakanalola.

Tinawaika pambali pa mayi, atavala suti ija. Anthu akubalalika kumandako, dalaivala wa thiraki anandipeza nditaima ndekha. Tsitsi lake linali litakula, anati sanapezebe womumeta. Anandiuza kuti lumbiro lija amalidziwa lonse pamtima, chifukwa analimva kambirimbiri lumo lili pakhosi, chikhalirecho iye anabadwira konkuno ndipo palibe anamufunsapo kuti alumbire kalikonse. Anavula chipewa n'kuyamba kulinena chapansipansi, akuyang'ana mulu wa dothi. Anadutsa pamene bambo analekezera, napitirira bwinobwino mpaka pa "kuteteza malamulo ake". Pamenepo mawu anamukanika. Anavala chipewa chake, n'kutsatira anzake kumsewu.