Nsomba za Kokamwendo

Mwamuna wake atamira m'dziwe lalikulu, abwana a pafamu ya nsomba anamuchitira chifundo mayi wamasiyeyo, chifundo chake cha mabwana: anamupatsa ntchito ya malemuyo. Nyumba ya chipinda chimodzi imene ankakhalamo, kuseri kwa shedi yoswetsera mazira, inali ya pafamupo, ndipo lamulo lake linali limodzi, lakuti wogonamo ndi wodyetsa nsomba. Kukana ndowa yodyetsera nsombayo kukanakhala kugona panja, iye ndi kamwana kake kakakazi. Ndowayo anailandira ndi manja awiri.

Malemuyo anzake ankamutcha Kokamwendo, chifukwa phazi lamanzere ankachita kulikhwekhwereza. Mwendo womwewo ndi umene unamupereka. Analowa m'madzi kukatsegula paipi yotulutsira madzi imene inatsekeka ndi matope, paipiyo inatseguka mwadzidzidzi n'kumukoka mwendo wofookawo. Pamene anzake ankamuvuula n'kuti atatsirizika kale. Kamwanako sikanamvetse. M'mawa uliwonse kankakhala pakhomo kuyang'ana kudziwe, kudikira kuti bambo ake aweruke.

Dziwe lalikululo ndilo linali mtima wa famu yonse. Munali nsomba zikuluzikulu zoikira mazira, makolo a tiana tonse timene alimi ankabwera kudzagula. Ndiye chimwalirire Kokamwendo, nsombazo zinakana kudya.

Mayiyo ankawaza chakudya pamadzi, chakudya chinkangoyandama, kufufuma, kenako kumira. Madzi anayamba kununkha. Koma chimene chinkamuchititsa tsemwe n'chakuti nsombazo sizinali zodwala ayi. Zinkasonkhana pakona pamene mwamuna wake ankaima podyetsa, zonse milomo m'mwamba, yasa, yasa, kudikira. Iye akayandikira zinkamira nthawi imodzi. Akachoka zinkabwereranso, kuyang'ana pakhoma la dziwe pamene panalibe munthu.

"Zili pamaliro izi, mlamu," anatero wokoka ukonde, mnzake wa malemu. "Zalira kuposa abale ake enieni." Anaseka yekha, kenako anakanda m'mutu n'kuyang'ana kumbali. Antchito ena ankanong'onezana kuti Kokamwendo sanatuluke m'madzimo, ndipo pakona paja ankapalambalala ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Kapitawo yekha analibe nthawi ya mizukwa. "Mayi," anatero, "nsomba sizidya chisoni. Zina zayandama kale mimba m'mwamba. Zikapitirira izi, abwana abweretsa munthu wina, ndipo munthuyo adzafuna pogona."

Madzi anafika m'khosi. Mayiyo anayesa kuimba likhweru ngati malemu, anayesa kugogoda ndowa, anayesa kusintha nthawi, mpaka kuzidandaulira nsombazo ngati anthu. Ankazida, kunena zoona. Zinamulanda mwamuna, tsopano zinkafuna ndi denga lomwe.

Wokoka ukonde uja ndiye anamutsina khutu, akusoka ukonde wake osadzutsa mutu. "Mlamu, nsomba ilibe nazo ntchito nkhope. Munthu akamayenda pakhomapo, mapazi ake amamveka m'madzi. Izi zinazolowera mayendedwe amodzi okha. Ndangonena, musandida."

Ovolosi ya malemu inali chikolekere kuseri kwa chitseko, mawondo ake akadali otukuka, ndipo pansi pake panali jombo, yamanzere itadyeka mbali imodzi. M'mamawa, mwana akadali mtulo, mayiyo anazivala. Fungo la fodya ndi la chakudya cha nsomba linamukuta. Anavalanso chipewa, nanyamula ndowa kudzanja lamanja monga ankachitira mwiniwake.

Panja panali nkhungu. Anakwera pakhoma la dziwe, naponda ndi phazi lamanja, nakoka lamanzere. Di, khwee. Di, khwee. Sanafunike kuphunzira. Mayendedwe amenewo anali atawamva akubwera pakhomo zaka zonse za ukwati wake, ndipo kuwamvanso tsopano, akuchokera pansi pa thupi lake lomwe, kunamuimitsa tsitsi.

Madzi anagwedezeka. Misana yakuda inatumphuka, imodzi, kenako yambirimbiri, kumutsatira m'mphepete mpaka pakona paja. Anawaza dzanja loyamba, dziwe linawira. Nsomba zinadya molimbirana, kuthovutsa madzi, kumunyowetsa jombo. Nyumba yapulumuka, anaganiza, ndipo chimwemwe chake chinali chosakanikirana ndi mantha.

"Ababa!"

Kamwana kanali kakuthamanga m'nkhungumo, kopanda nsapato, manja m'mwamba. "Ababa! Ababa!"

Mayiyo anatembenuka. Mwanayo anaima chiriri. Anayang'ana nkhope ili pansi pa chipewa, anayang'ana jombo, anayang'ananso nkhope. Akanalira zikanakhala bwino, koma sanalire.

"Ndine, mwana wanga. Ndine mayi ako." Anaika ndowa pansi, nayamba kumasula mabatani a ovolosi. "Taona, ndikuvula."

"Musavule."

"Bwera kuno ndikunyamule."

Mwanayo anapukusa mutu. Analoza kutsogolo, kumene khoma la dziwe linkalowera m'nkhungu, nalankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa munthu.

"Tembenukani, amayi. Muziyang'ana uko."

Ndowa inali isanathe. Nsomba zinali zikadali milomo m'mwamba, ndipo patali, pafupi ndi shedi, kapitawo anali ataima akugwedeza mutu mokhutira. Mawa adzafuna zomwezi, ndi mkuja womwe.

Mayiyo anatola ndowa, nafulatira mwana wake. Anaponda ndi lamanja, nakoka lamanzere. Kumbali kwake madzi anamutsatira, ndipo kumbuyo kwake, pang'onopang'ono, timapazi tinayamba kumulondola.