Chikuku cha Mayi Harrop

Pakhomo la chipatala, bambo wina wothandiza odwala anangoona imvi n'kuwakankhira chikuku kumbuyo kwa mawondo. Mayi Glenys Harrop anagwera momwemo. Anali atayendetsa okha galimoto maola asanu kuchokera ku famu yawo ya nkhosa, koma mwana wawo Karlene anati angokhala, asachititse manyazi munthu wachifundo. Anawafunditsanso kabulangeti m'miyendo.

Khansa inayambira m'matumba a mazira ndipo inali itafalikira m'mimba. Tsikulo dokotala ankayenera kugamula: opaleshoni yaikulu pamodzi ndi mankhwala amphamvu a m'diripi, kapena timankhwala tongoziziritsa ululu, n'kubwerera kwawo kukadikira.

Dokotala Ferrante anayang'ana chikuku, anayang'ana bulangeti, kenako tsiku lobadwa papepala. Zaka 79. Mafunso onse anawalunjikitsa kwa Karlene. Kodi amasamba okha? Amadziwa kuti lero n'lachingati? Karlene, amene amakhala kutali mumzinda wa Brisbane ndipo amayi ake amawaona pa Khirisimasi pokha, anayankha mosakayika kuti amatopa, amaiwala, ndiponso chaka chatha anagwa. Zoti anagwa pa njinga yamoto akukusa nkhosa sanazitchule.

Dokotala anatsitsa mawu ngati ali pamaliro. Anati pa msinkhu umenewu thupi silipirira, chofunika n'kukhala mwamtendere.

"Adokotala," anatero Mayi Harrop, "mlamu wanga Desma anamuchita opaleshoni yomweyi poti anali ndi zaka 61 zokha. Koma anali ndi shuga, mtima wotupa, impso imodzi. Sanadzukepo. Nanga ine mwandiyeza chiyani, kupatula bulangetili?"

"Amayi, musadzitopetse," anatero Karlene.

"Wotopa ndiwe. Kamtunda aka wandikankhaka ukupumira m'mwamba ngati nkhosa yosameta m'chilimwe."

Anaimirira osagwira paliponse, anapinda bulangeti bwinobwino, n'kuuza Karlene kuti akhale m'chikukumo apezeko mpweya. Dokotala anakhosomola, nakhwatcha zimene anali atalemba. Anawatumiza kukayezetsa mtima, shuga ndi impso, namwino n'kuwayendetsa m'khonde atagwira wotchi. Namwinoyo ndi amene ankatsalira.

Mtima anaupeza wolimba, shuga palibe. Impso zokha n'zimene zinali zitayamba ulesi, choncho anati mankhwala a m'diripi awachepetsa pang'ono kuti zisapse. Opaleshoni anaiika Lachinayi la sabata yotsatira. Palibe amene analonjeza kuti achira, ndipo iwo sanapemphe lonjezo. Ankangofuna kuti awalole kulimbana ndi khansayo.

Potuluka, bambo uja anathamangira chikuku china. Mayi Harrop anamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kukhotera kwina.

Tsono inu, mukamaperekeza munthu wamkulu kuchipatala, musamulande pakamwa. Musiyeni ayankhe yekha, ndipo muumirire kuti amuyeze mtima ndi impso asanamuweruze ndi tsiku lobadwa.